Kukatenga Kapinga wa Temwani ku Tembwe

Zimene ndinataya mwezi wa Juni ndi izi.

Mkazi wanga Temwani, wa zaka 28.
Mwana wamkazi, amene sanafike popatsidwa dzina.
Mapoto, mbale, zitenje ndi makina osokera, zomwe abale ake anagawana monga mwa mwambo.
Ndowa makumi awiri ndi zitatu.
Udzu umene unali m'ndowazo.

Odzandipepesa amalekeza pa ziwiri zoyambazo, ndipo salakwa. Ine ndilemba za chomalizacho, chifukwa pa zonsezi ndi chokhacho chimene ndinaganiza kuti munthu angakwere galimoto n'kukachitenganso.

Ndine mphunzitsi wa masamu pa sukulu ina ya sekondale pa boma la Chama. Temwani anali mlangizi wa zaulimi, kwinaku akuchita maphunziro apamwamba ndi yunivesite ina ya ku Lusaka. Kafukufuku wake anali wa kapinga, udzu woyanga uja umene mlimi amautukwana m'munda koma wosewera mpira amaufuna pabwalo. Kwa zaka ziwiri anayendayenda m'chigwa chino, ku Tembwe, ku Chikwa, m'madambo ndi m'mabwalo a masukulu, kuzula kapinga pang'onopang'ono n'kumadzabzala m'ndowa kuseri kwa nyumba yathu. Ndowa iliyonse inali ndi nambala yake.

"Kapinga ndi kapinga," ndinkatero ine.

Iye ankandigwira dzanja n'kulisisititsa pa ndowa ziwiri zoyandikana. Wina anali wokanda, wina wofewa ngati ubweya wa kamwana ka mbuzi. Wina mizu yake inkatsika mpaka kutulukira pansi pa ndowa. Wina ankapirira madzi osefukira, wina ankadzuka msanga akapondedwa. Onsewo ndi pachibale, ankatero, koma aliyense anatengera zake kwa makolo ake. Udzu wa m'mabwalo a m'tauni nthawi zambiri ndi chomera chimodzi chodulidwadulidwa n'kugawidwa ponseponse. Ndi wokongola, koma chilala kapena matenda opha chidutswa chimodzi amapha zonse, popeza zonsezo ndi munthu mmodzi. Akatswiri okwatitsa zomera akafuna kupanga udzu wolimba amasowa wokwatitsa naye, ndipo zimene wa m'tauni alibe zili kwa abale ake a kuthengo.

Maliro tinakaika kwawo ku Lundazi. Nditabwerera patatha milungu iwiri ndinapeza azakhali ake atagawa kale katundu wa malemu. Ndowa ndi katundu wa mkazi. Anakhuthula dothi lonse pamulu umodzi kuseri kwa chimbudzi, ndowazo anazitsuka bwinobwino, ndipo posesa pakhomo anatentha muluwo pamodzi ndi zinyalala. Sanabe kanthu. Anandiuza okha, mokoma mtima, kuti andichotsera tchire loitana njoka.

Mu Okutobala ndinalandira uthenga kuchokera kwa mayi amene ankayang'anira maphunziro a Temwani ku yunivesite kuja. Anapepesa m'mizere itatu, kenako anafika pa nkhani. Pa mitundu yonse ya m'ndowa, iwo ankafuna nambala 11, kapinga wa kumudzi wina kupitirira Tembwe, womera pa dothi lamchere pafupi ndi mjigo wosiyidwa, amene amakhala wobiriwira mu Okutobala china chilichonse chitapsa. Kapingayo akawafika wamoyo mvula isanayambe, adzamubzala m'munda woyesera n'kumulemba m'dzina la Temwani. Njere sizikanathandiza, chifukwa chomera ku njere sichifanana ndendende ndi mayi wake. Pankafunika chidutswa cha chomera chenichenicho. Chikapanda kufika, ntchito ya zaka ziwiri idzatsala pepala lonena za udzu umene wina aliyense sanauonepo.

Kope la Temwani linapulumuka chifukwa linali m'chikwama changa cha kusukulu. Pa nambala 11 analemba kuti: "Kwa Anyagoma. Masamba opyapyala, aafupi, opanda cheya. Ndakhoma zikhomo zinayi." Pansi pake panali nambala ya foni. Lolemba ndinaimba. Anayankha mayi wa mawu aakulu, amene atamva dzina langa anayamba kulira. Ndinachita manyazi kunena kuti mwamuna wofedwa akuyenda ulendo wonsewo chifukwa cha udzu, choncho ndinangoti ndifika Lachisanu kudzaona malo amene mkazi wanga ankagwirapo ntchito.

Lachisanu ndinali pamsika wa Chama 5 koloko m'mawa. Kanta yopita ku Tembwe, lole yaing'ono yotsegula kumbuyo, inali italiza kale injini. Kuno zimenezi sizitanthauza kuti galimoto yatsala pang'ono kunyamuka, koma kuti dalaivala akufuna tikhulupirire choncho. Tinachoka 7 koloko itadutsa. Kukwera kutsogolo kunali K170, kumbuyo K130. Ndinakwera kumbuyo, pamwamba pa matumba a feteleza, pakati pa malata, makatoni a sopo ndi matiresi awiri amene aliyense ankafuna kutsamira koma mwini wake ankawalondera ngati ana aakazi.

Moyang'anana nane munakhala mayi wogulitsa salaula, zovala za kaunjika, atakumbatira belo lake. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Imwe, sindimwe a Ticha a masamu? Mwana wanga mumamupatsa ziro. Manje khasu, saka na chigubu cha madzi, mupita kukumba mbewa?"

"Ndikukatenga kapinga."

"Ati chani?"

"Kapinga."

Galimoto yonse inaseka. Mayiyo anaomba m'manja mpaka belo linamupulumuka.

"K130 kukatenga kapinga! Adada, bwerani kumunda kwanga. Muzule yense, nizakuphikirani mpunga, nizakupatsani na mwana wanga wamkazi mukwatire!"

Wina anamukodola n'kumunong'oneza. Ndinaona nkhope yake ikusintha. Anakonza chitenje, nayang'ana kumbali. Pamalo oyamba pamene tinaima kutsitsa malata anatsika, nagula zitumbuwa zinayi za K2 chimodzi, n'kuziika pamwendo panga. Ndinadya. Kunena zoona, kuseka kwake kunandikomera kuposa chisoni chake. Kwa miyezi inayi panalibe munthu amene anandiseka.

Msewu wa ku Tembwe mu Okutobala ndi fumbi lofika m'mano. Mitengo ya tsanya inali itayoyola masamba onse, dothi lamakande litang'ambika moti phazi la mwana lingalowe. Akashembe, ntchentche zoyamwa magazi zija, ankatsata galimoto ndipo ankaluma kupyola malaya. Ine maso anali pansi. Ukakhala zaka ziwiri ndi munthu woyang'ana pansi, nawenso umayamba. M'mbali mwa msewu kapinga analipo, koma wotuwa ngati phulusa, wogona podikira mvula.

Cha m'ma 9 koloko tinatitimira mumchenga wa mtsinje wouma. Amuna tinatsika kukankha. Chapafupi azimayi ankatunga madzi m'dzenje limene anakumba mumchengamo, ndipo anatiyang'ana ngati anthu oonera mpira wa timu yofooka. Pambali panga ankakankha mwamuna wamtali wovala jezi, a Mwila, mphunzitsi wa zamasewera wochokera ku Kitwe amene anatumizidwa pa sukulu ina ya kumeneko.

"Nimvera kuti ndimwe a kapinga," anatero akupuma mwawefuwefu. "Ise tinagula udzu ku Chipata, uja wa m'mahotela, wobiriwira monga kapeti. Tabzala kutsogolo kwa ofesi. Ana kuthirira m'mawa na madzulo. Mjigo unangofa milungu iwiri, udzu wonse gwa, tsiku limodzi, monga unachita kupangana. Manje uja wa pabwalo la mpira, palibe amauthirira, ana amauponda, mbuzi ziudya, koma ulipo. Kungoti ni woipa maonekedwe. Apa wautali, apa waufupi, apa wofiirira."

"Ndi chifukwa chake ulipo," ndinayankha. "Wa pabwalowo si mmodzi. Ndi ambiri osiyana chibadwa, ndiye chilala chikapha uyu, uyo amatsala. Wogulawo ndi mmodzi yekha. Mukanatenga kukongola kwa wogulayo n'kukwatitsa ndi..."

Ndinaima. Ndinazindikira kuti ndikulankhula mawu a Temwani, m'ndondomeko yake, mpaka ndi dzanja lokwezedwa monga ankachitira iye. A Mwila anadikira kuti ndimalize. Sindinamalize. Tinaika nthambi pansi pa matayala, galimoto inatuluka, tinakwera.

Ku Tembwe tinafika 11 koloko itapitirira, dzuwa lili pamutu penipeni. Ndinamwa tiyi wa K5 m'kanyumba ka malata momwe munali motentha kuposa tiyiyo, kenako ndinafunsa za njinga yamoto. Anandilozera a Ng'uni, bambo wa imvi za apa ndi apo, amene anati K70 ndipo sanafune kukambirana.

"Kwa Anyagoma? Ndimwe alendo aja? Aa, akuyembekezani kuyambira Lachitatu. Mudzi wonse wakonzeka."

Ndivomere kuti mawu amenewo anandifika pamtima. Ndinakhala kumbuyo kwa njingayo, khasu pamsana, ndikumva bwino kwa nthawi yoyamba kuchokera mu Juni.

Njira inali kanjira ka njinga kodutsa m'minda yotenthedwa. Pena a Ng'uni ankakhotetsa kuzemba ndowe za njovu, zina zikadali zonyowa.

"Zadutsa m'mawa," anatero mosatekeseka. "Zikatipeza, imwe mutsike mulankhule nazo Chizungu. Zimalemekeza ophunzira."

Tinafika 1 koloko isanakwane. Tisanaone nyumba tinamva nyimbo. Azimayi oposa khumi anali atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, akuimba chapansipansi nyimbo ya maliro ya kutchalitchi. Bwalo linali losesedwa mpaka mizere ya tsache ikuoneka. Mayi wina wamfupi, wa mapewa aakulu ndi manja olimba, wa zaka ngati makumi asanu, anabwera n'kugwada, nandigwira dzanja ndi manja ake onse. Amenewo ndiwo anali Anyagoma.

"Mwana wanga," anatero. "A Madamu anali kudya na ise pano. Anali kukhala apa, pansi, osafuna mpando."

Mlendo wa maliro sathamanga. Aliyense anabwera payekha kudzagwira dzanja. Wina anapemphera. Anabweretsa madzi osamba m'manja, mpunga wonunkhira wa kuno ndi nkhuku yathunthu, nthutumba ataiika pamwamba kuti ndione kuti sanandibisire kanthu. Ndinadya pang'onopang'ono monga kuyenera, maso akuthawira kuseri kwa nyumba, kumene ndinkaona mutu wa mjigo wadzimbiri uli chiimire.

Cha m'ma 3 koloko Anyagoma anaimirira n'kumanga chitenje.

"Manje tiyeni mukaone malo a akazi anu."

Tonse tinanyamuka, ine patsogolo ndi iwo, azimayi pambuyo. Tinazungulira nkhokwe, tinadutsa khola la mbuzi. Dothi linayamba kuyera ndi mchere.

Zikhomo zinayi zinalipo. Ndinazidziwa, chifukwa ndine ndinazisongola ndi chikwanje pakhonde pathu, ndipo utoto wofiira wa pamitu pake unali wotsala pa chitseko chathu. Pakati pa zikhomozo, malo a mapazi atatu m'litali ndi atatu m'lifupi, panali posalala ngati pansi pa nyumba yatsopano. Anali atazira ndi dothi lakuda. M'mbali anali atandandalika njerwa zopaka laimu. Pakati penipeni panali chitini cha maluwa a pepala.

Panalibe tsamba ngakhale limodzi.

"Masiku atatu," Anyagoma anatero monyadira. "Azimayi asanu na mmodzi. Madzi ozirira tachita kutunga kumtsinje."

Ndinafunsa, ndipo mawu anga anatuluka abwinobwino, ngati ndikufunsa mwana m'kalasi: "Udzu uli kuti?"

"Tachotsa wonse. Osada nkhawa, subweranso. Kapinga nimudziwa ine, ukapala pamwamba chabe amakuseka. Takumba mpaka kumizu, tasankha na manja umodziumodzi. Dzulo tatentha kudzala."

"Mkazi wanga sanakuuzeni kuti musalimepo?"

Nkhope yawo inagwa pang'ono. 

"Ananiuza. Ndipo nasunga, chaka chathunthu. Anthu kuniseka pano, ati Anyagoma ayamba kuweta udzu. Mbuzi kuzipirikitsa, ana kuwakalipira. Anati, amama, musalimepo mpaka nikabwere." Anandiyang'ana m'maso. "Manje, a Ticha, azabwera?"

Ndinagwetsa maso pa chitini cha maluwa.

"Imwe mwati mubwera kuzaona malo a akazi anu. Munthu akabwera kuona malo a malemu, timalambula. Ni ulemu. Tikanakuonetsani tchire? Mukanati anthu a kuno ni otani, mkazi wanga anawakonda koma malo ake awasiya monga pa bwinja?"

Ndinapempha kuti andionetse kudzala. Linali dzenje kuseri kwa khola, lodzaza phulusa lotuwa. Ndinalowetsa dzanja. Pansi pake panali pofundabe. Ndinafufuza mpaka m'chigongono, ndipo chilichonse chimene ndinagwira chinafumbutuka.

Zimene ndinachita pambuyo pake sindinyadira nazo. Ndinabwerera pa zikhomo paja, ndinachotsa chitini cha maluwa n'kuchiika pambali, ndinakweza khasu n'kutema pakati pa dothi lozira. Mayi wina anakuwa. Wina anati, "Mayo, chisoni chawazunguza mutu." Ndinatemabe. Ntchito ya masiku atatu ya anthu asanu ndi mmodzi ndinaiphwanya iwo akuona, ndipo palibe amene anandigwira dzanja, chifukwa wofedwa saletsedwa. Dothi linali lofewa, lotembenuzidwa kale, loyera bwino. Anyagoma sananame. Kapinga amamudziwadi.

Patapita nthawi ndinamva khasu likukokedwa.

"Bweretsani. Simudziwa kukumba, mungovulaza dothi."

Anali Anyagoma, milomo atailuma. Sanakumbe pakati. Anapita m'mphepete, pamene malowo amakhudzana ndi simenti ya mjigo, nagwada, nayamba kukumba chammbali kulowa pansi pa simentiyo, pamene khasu silikanafika bwino Lachitatu. Anasiya khasu n'kulowetsa dzanja mpaka paphewa. Anatulutsa kachidutswa koyera, kotalika ngati chala, ka mfundo ziwiri. Kenako kena. Kenako kachitatu.

"Awa anatipulumuka," anatero, n'kundiponyera pamapazi.

Ndinatola. Ndinayang'ana tsidya lina la simenti, kumene kapinga wamba wa m'njira, wotuwa, anayanga mpaka kukhudza mjigo. Nayenso mizu yake inkalowa pansi pomwepo.

"Awa ndi a mbali iti? A mkati mwa zikhomo, kapena a kunjira?"

Anapukuta manja pa chitenje.

"Pansi onse ni oyera, a Ticha."

Ndinakulunga tizidutswato ndi dothi lake m'saka, ndinathira madzi. Dzuwa lisanalowe ndinazungulira malo onse amchere aja, mzere ndi mzere, monga Temwani ankachitira, kufunafuna chobiriwira chilichonse. Ndinapeza minga ndi ndowe za mbuzi. Nambala 11 sunali mtundu wofala kumeneko. Chinali chomera chimodzi, chimene kalekale chinamera ku njere imodzi yobadwa ndi mphamvu yopirira mchere ndi ludzu, n'kuyanga pang'onopang'ono mpaka kukwana mapazi atatu. Mwina m'chigwa muno muli china chotero. Temwani anayenda zaka ziwiri kuti apeze chimenechi.

Ndinagona komweko. M'mawa Anyagoma anandiperekeza mpaka pamene a Ng'uni ankandidikira. Anandipatsa kathumba ka mpunga koma sanandiyang'ane.

"Mukananiuza chabe kuti mufuna udzu," anatero. "Nikanauthirira. Nikanaumangira na mpanda."

"Ndinachita manyazi, amama."

"Manyazi na ine? Ine amene nasekedwa chaka chathunthu chifukwa cha udzu womwewo?"

Ndinapepesa chifukwa cha dothi lozira lija. Anati alikonzanso, popeza malowo ndi a a Madamu ndithu, kaya pali udzu kaya palibe. Kenako anatembenuka n'kubwerera.

Pobwerera ndinakwera lole ya mpunga, K100, pamwamba pa matumba. Saka ndinaliika mkati mwa malaya kuti dzuwa lisalipeze, ndipo paliponse pamene tinaima ndinkalinyowetsa. Madzi a m'chigubu anathera pamenepo, ine sindinamweko. Munthu wina anandifunsa ngati ndanyamula mankhwala a kwa sing'anga. Ndinati inde, kuti nkhani ithe. Pa Chama tinafika 4 koloko madzulo.

Ndowa ndinalibe, ndiye ndinaboola beseni losambira n'kubzala tizidutswa titatu tija motalikirana. Tiwiri tinaola. Tsiku lachisanu ndi chinayi kachitatu kanaphuka. Sindinauze munthu. Ndinadikira mpaka masamba atakwana anayi, kenako ndinabwereka galasi lokulitsa zinthu kusukulu, ndinatsegula kope pa nambala 11, ndinagwada. Masamba anali otambalala. M'mphepete mwake munali cheya, choonekera bwino pa dzuwa la m'mawa. Ndinayang'ana katatu. Anali kapinga wa m'njira, yemwe uja mayi wa salaula ankafuna kundipatsa ndi mpunga pamwamba.

Ndikanatha kumutumiza ndithu, n'kulembapo 11. Akanamubzala, dzina la Temwani likanakhala pa chikwangwani kwa chaka chimodzi, mpaka Okutobala wotsatira atamuulula. Koma m'kope lonse lija mulibe mzere umodzi umene iye analemba chimene sanachione. Ndinalembera mayi a ku yunivesite aja mizere iwiri, kuti nambala 11 kulibenso, ndipo asasunge malo m'munda. Anayankha kuti amva chisoni. Mvula inayamba mlungu wotsatira, ndipo Chama yense anabiriwira ndi kapinga, pabwalo la sukulu, m'ngalande, pakhomo panga pomwe.

Chimene ndinaphunzira pa ulendowu n'chochepa. Chinthu chikhoza kukhala pamalo amodzi okha pa dziko lonse, ndipo sichifuna mdani kuti chithe. Azakhali anachitsuka, Anyagoma anachilambula, onse ndi manja achikondi. Ndayesa kuwakwiyira, koma mkwiyowo sukhala pa iwo. Umabwerera kwa ine, ndipo chifukwa chake ndi ichi.

Anthu amandifunsa ngati Temwani anasiya mawu. Ndimati ayi. Anasiya. Unali m'mawa kuchipatala, ali pa kabedi ka matayala, anamwino akudikira kuti alowe naye. Ndinawerama, ndikuyembekeza kuti anena za ine, kapena za mwana. Ananena za udzu, ndipo kwa miyezi inayi ndinamusungira chakukhosi pa zimenezo. Anandituma zinthu ziwiri. Choyamba ndinachita. Chachiwiri ndinadziuza kuti ankangodera nkhawa nkhuku za anthu, popeza sankakonda kuti osauka amuphere chiweto. Koma si chifukwa chenicheni chimene ndinachiphwanyira. Ndinali nditatopa kufika pakhomo popanda wondiyembekeza, ndipo ndinkafuna kuti kamodzi kokha, kwinakwake, munthu adziwe kuti ndikubwera.

Anandigwira mkono wa malaya, nati:

"Imwe, eleveni ija ikauma mukatenge ina kwa Anyagoma. Koma musawauze kuti mubwera. Mungofika."